Zala zinayi ndi dimba la a Chikuse

Ntchito yoyeza malo inandipeza ndili pa kabaza. Mwayi wa ku koleji utandidutsa, ndinkanyamula anthu pa Kasiya, ndipo tsiku lina ndinakweza bambo wina wamfupi, wa imvi, atafungatira bokosi lachikasu ngati khanda. Tili m'njira anandifunsa kutalika kwa mtunda kuchokera pamsika kukafika pamlatho. Ndinati makilomita atatu ndi theka. Anayang'ana pafoni n'kuseka. "Iwe uli ndi diso. Mawa ubwere wopanda njinga." Amenewo anali a Kamwendo, oyeza malo, amene bungwe lina linawatuma kudzayeza damu la ulimi wothirira m'dambo la kwathu.

M'bokosi muja munali levulo, kachipangizo koonera patali kokhala pa miyendo itatu. Umapotokola tizitsulo mpaka kathovu ka m'kagalasi kake kakhale pakati, kenako umasuzumira n'kuwerenga manambala pa ndodo yaitali imene mnzako waimika. Ntchito yathu inali kukhoma zikhomo kuzungulira dambo lonse, kusonyeza pomwe madzi adzafike damu likadzaza. Lamulo la a Kamwendo linali limodzi, ndipo ankalibwereza mpaka kutopetsa: levulo ikhale pakati, mapazi makumi asanu kumbuyo, makumi asanu kutsogolo. Chifukwa chake ankati dziko n'lozungulira. Ine ndinkangovomera. Zimenezo ndinazilemba pa mayeso n'kukhoza, koma mumtima ndinkaziona ngati nkhani za m'buku.

Amene sankavomera anali a Chikuse, mkulu wa mpingo, amene dimba lawo linali kutsidya kwa dambo. Munali nzimbe, chitsime, ndi mapando a nthochi amene anabzala malemu akazi awo. Masana ankabwera ndi nzimbe kudzayambitsa mkangano.

"Bambo Kamwendo, kodi madzi munawaonapo atagona chopindika? Thirani m'beseni muone. Ndipo Buku limanena za ngodya zinayi za dziko, eti?"

"Beseni lachepa, abambo," ankatero a Kamwendo. "Taonani mapiri akumadzulo aja. Bwanji tikungoona mitu yokha? Miyendo yake ili kuti?"

"Yabisika ndi mitengo."

"Nanga m'mawa kukazizira, bwanji amaoneka ngati atalikako?"

"Maso anu akalamba."

Ine ndinkangotafuna nzimbe, ndipo kunena zoona ndinkaona ngati a Chikuse akupambana.

Sabata yachitatu a Kamwendo anapita ku maliro ku Nambuma n'kundisiyira levulo. Kunatsala mbali ya kutsidya. Kuti nditsate lamulo ndinayenera kuzungulira m'matope ofika m'maondo, kudzula ndi kuimika miyendo itatu ija kambirimbiri. Ndinadziona wochenjera. Ndinaimika levulo pa chulu, n'kutuma mnzanga wogwira ndodo kutsidya, mtunda wa kilomita yathunthu. Manambala sankaoneka, ndiye tinamanga pepala loyera pa nambala yofunikayo, ine n'kumamuuza pafoni kuti akwere kapena atsike mpaka pepalalo lifike pa mzere wa m'galasi. Ntchito ya masiku atatu ndinaimaliza dzuwa lisanapendeke. Zikhomo zinadutsa kumtunda kwa dimba la a Chikuse, kutanthauza kuti lonse lidzamira.

Ndinawauza ndekha, ndi mawu a munthu wodziwa. Sanakangane nane. Anangoyang'ana nthochi zija n'kunena kuti, "Chabwino, mwanawe. Makina anena."

A Kamwendo atabwerako anatsegula buku langa loyezera. Anaona mzere umodzi pomwe panayenera kukhala masamba awiri. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Nyamula miyendoyo." Titafika kutsidya tinapeza a Chikuse atazula kale mapando awiri, akuti akayese kuwabzala kumtunda kouma, khasu lili pa lachitatu.

"Abambo, taimani kaye," anatero a Kamwendo. "Tipatseni lero lokha."

Tinabwerera kukayambira pa chikhomo cha simenti chimene chinali pa khoma la damu. Mapazi makumi asanu, kuimika, kathovu pakati, kuwerenga, kulemba, kudzula. Matope anandilanda nsapato imodzi. Dzuwa litafika pamutu a Kamwendo anandiitana kuti ndisuzumire. Manambala ankavina, ndodo ikupindika ngati ili m'madzi, chonsecho woigwira anaima nji. "Umenewo ndi mpweya wotentha, umapinda kuwala," anatero. "Pa mapazi makumi asanu ukuchita chonchi. Iwe unaukhulupirira pa kilomita." Tinakhala pansi pa mkuyu kudikira kuti kuzizire, ine ndikuopa kuti mwina ndinalondola ndipo dimbalo lidzamiradi.

Tinafika padimba dzuwa litafiira. Ndinawerenga nambala yomaliza, a Kamwendo anawonkhetsa kawiri. Zikhomo zanga zinali pamwamba ndi zala zinayi. Anatola kamtengo n'kujambula pansi mzere wowongoka, ndi wina wopindika kunsi kwake. Levulo imaona mowongoka ngati chingwe chokoka, anatero, koma madzi amagona motsata dziko, ndipo dziko limanka lithawira pansi. Ukakhala pakati, kulakwa kwa kumbuyo ndi kwa kutsogolo kumafafanizana. Ukaona mbali imodzi patali, umakutenga konse.

Zala zinayi si kanthu pa phiri, koma dambo lathu n'lathyathyathya. Mnzanga anatsika ndi ndodo mapazi khumi, makumi awiri, anadutsa nthochi, anadutsa chitsime, n'kukaima kunsi kwa nzimbe. Ndinayang'ana dambo limene ndinakuliramo ndikudyetsa ng'ombe, losalala ngati bwalo la mpira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti ndaima pamsana pa chinthu chachikulu chopindika. Ndinachita mantha, mantha okoma.

A Chikuse anayenda kuchokera pa chikhomo chakale kufika pa chatsopano, akuwerenga mapazi. "Ndiye mukuti dziko likanakhala lafulati, dimbali likanamira?"

"Zikhomo zoyambazo zikanakhala zoona," anatero a Kamwendo.

"Aa. Ngati ndi choncho, lizungulire."

Mvula itabwera damu linadzaza, ndipo m'mawa wina ndinapita ndekha kukaona. Madzi anagona phee, akunyambita zikhomo zatsopano chimodzichimodzi kuzungulira dambo lonse, palibe chomira, palibe chotsala patali. A Chikuse anali pomwepo, manja kumbuyo. Sananene za ngodya zinayi, inenso sindinanene za mayeso.

Mapando awiri aja sanaphuke kumtunda. Pamalo pomwe anazulidwa a Chikuse sanabzalepo kanthu, ndipo sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Lero ndili ndi levulo yangayanga, ndipo anzanga amandiseka kuti ndimachedwa ndi kuwerenga mapazi ngati nkhalamba. Ndimawasiya aseke. Iwo sanaone maenje awiri aja.