Manja Ofiira a Asisitere Aakulu

Chinali chitini cha mafuta ophikira chodulidwa pakati, m'mphepete mwake mopindidwa ndi mwala kuti chisacheke munthu. Mkati mwake munali mofiira ngati katondo, ndipo kufiirako sikunachoke ngakhale amayi anachikwecha ndi mchenga kambirimbiri. Ndinachisenza ndine kuchokera kwa asisitere, chitadzaza mbewu ya chimanga, chaka cha njala ija. Ndinali mu sitandade folo. Lero ndili ndi ana anga atatu, Mulungu alemekezeke, koma ndikaona mbewu yopaka mankhwala pamsika wa Manjawira ndimayang'ana kumbali.

Nyumba ya asisitere inali kumapeto kwa mudzi wathu, potsikira ku chigwa cha Bwanje. Analipo asanu okha. Mtsogoleri wawo tinkangowatchula kuti Asisitere Aakulu, ngakhale anali aafupi kuposa onse. Akuti anabadwira ku Champiti, m'banja lolima mbatata, ndipo anakana ukwati ng'ombe za malowolo zitasonyezedwa kale. Anatsikira kuchigwa kotentha kuno ndi anzawo awiri, naumba okha njerwa za nyumbayo. Ankavala nsapato za matayala, zidendene zili ming'alu yokhayokha. Belu lawo linali limu, chitsulo cha pakati pa tayala la galimoto, yopachikidwa mumtengo wa mango, ndipo ankaliimba okha ndi kachitsulo. Pakudya ankadya pomalizira, mbale za anzawo zitadzaza. Mawu awo amene ndimawauzabe ana anga ndi akuti, "Pemphero lopanda khasu ndi tulo."

Kwathu tinalipo atatu: amayi, ine ndi mng'ono wanga wa zaka zitatu. Bambo anali atamwalira chaka chapitacho. Amayi anali a chitengwa, ankakhala pamudzi pa abale a bambo, ndipo azakhali, alongo awo a bambo, sankawafuna. Ankanena poyera pachitsime kuti amayi akadzangolakwa kamodzi adzawabweza kwawo, ana n'kutsala. Amayi ankayenda pamudzipo ngati munthu woponda paminga.

Chaka chimenecho tinabzala ndi mvula yoyamba, chimanga chinamera bwino, kenako dzuwa linaswa mtengo mpaka chonse chinapserera. Andale anabwera ndi zitenje za chipani, ufa ayi. Tinadya mizu ya nthochi ndi mango osakhwima owiritsa. Asisitere ankaphika phala la ana Lachiwiri ndi Lachisanu, belu likalira tinkathamanga ndi timbale. Masiku enawo mimba inkangolira. Mng'ono wanga anatupa mapazi, tsitsi lake linasanduka ngati ndevu za chimanga.

Mvula itabweranso, Asisitere Aakulu anatulutsa mbewu imene anasungira munda wawo wa asisitere, nayamba kugawira mabanja kuti abzalenso. Sabata yonse anatunga mbewuyo ndi manja awo, mpaka zikhatho zinafiira. Pondithirira m'chitini anandigwira chibwano kuti ndiwayang'ane.

"Iyi ndi yobzala, si yodya. Ili ndi mankhwala. Ngakhale mutsuke, musadye. Bwereza."

Ndinabwereza katatu. Nditafika kunyumba ndinawabwerezera amayi mawu onsewo, osasiyako limodzi. Amayi anangoti, "Ndamva."

Linali Loweruka, ndipo phala lotsatira linali Lachiwiri. Mng'ono wanga anali atasiya kulira, ankangotsegula kukamwa popanda mawu. Lamulungu m'mawa, anthu atapita kutchalitchi, amayi anatenga theka la mbewu ija n'kupita nayo kuseri kwa nyumba. Anaitsuka kasanu. Madzi oyamba anali ngati magazi a nkhuku, achisanu anali oyera. Anaiyanika palichero, anaisinja, naphika phala. Linkanunkha ngati m'chipatala. Ine ndinadya pang'ono, mng'ono wanga anadya mpaka kunyambita supuni. Amayi sanalawe, anati akhuta.

Ndaweruza anthu ambiri pamoyo wanga, Ambuye andikhululukire, koma amayi anga sindinawaweruzepo. Amene sanamvepo mwana akusiya kulira chifukwa cha njala asanene kanthu.

Masana omwewo tonse awiri tinayamba kusanza. Ine ndinachira, iye ayi. Anamukweza panjinga kupita kuchipatala, azakhali ali pambuyo, ndipo kumeneko adokotala ananena azakhali akumva kuti mwanayu wadya chinthu cha mankhwala. Lolemba anamubweretsa atamukulunga m'chitenje. Kaya anamutenga ndi mankhwalawo, kaya njala inali itamumaliza kale, adziwa ndi Mulungu.

Pamaliro kwathu kuno, anthu asananyamuke kupita kumanda, wina amaimirira kufotokoza mmene matenda anayendera. Anaimirira amalume, alongo awo a amayi, amene anabwera panjinga m'mawa womwewo. Amayi anali atawanong'oneza zoona zake. Anayamba bwinobwino, chipewa chili m'manja, koma azakhali anawadula mawu.

"Musatizungulitse, inu. Mwana wathu wadya chiyani? Wamupatsa ndani?"

Amalume anayang'ana pansi. Amayi anali atakhala pamphasa, manja onse awiri atawabisa m'chitenje, chifukwa m'zikhadabo ndi m'mizere ya zikhatho munali mofiirabe.

"Anadya za kwa asisitere," anatero amalume.

Silinali bodza, komanso sichinali choona chonse. Anthu anaganiza kuti akunena phala la Lachisanu. Panamveka kung'ung'udza ngati njuchi. Asisitere Aakulu anali atakhala pansi pakati pa azimayi a kwaya. Ndinawaona akuyang'ana amalume, kenako amayi, kenako chitenje chimene munabisala manja. Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo, nakweza zikhatho zawo zofiira kuti onse aone.

"Zinatuluka m'manja mwangamu. Amene ali ndi funso abwere kwa ine. Mayiyu musiyeni alire mwana wake."

Anadutsa pakati pa anthu, nakhala pafupi ndi amayi. Anatulutsa manja a amayi m'chitenje muja, nawafunda ndi nsalu yoyera yolendewera kutsogolo kwa chovala chawo, ndipo anawagwira choncho mpaka kumanda. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti anandichenjeza, ndinabwereza katatu. Anandiyang'ana, napukusa mutu pang'ono. Ndinatseka.

Mbiri inawanda kuti asisitere anatakasa phala ndi manja a mankhwala. Padenga lawo panagwa miyala. Ana ankawakuwiza panjira kuti asisitere a chiphe. Lachisanu belu linalira monga mwa masiku onse, koma palibe mwana anapita. Ngakhale ine sindinapite, chifukwa azakhali akanafunsa kuti mayi wotani amabwezera mwana kumene kunafera mnzake. Ndinakhala pakhonde ndi kambale kanga, ndikumva limu ija ikulira. Analiimba nthawi yaitali tsiku limenelo.

Apa ndi pamene mtima wanga umavutikabe ndikamapemphera. Mwezi umenewo tinaikanso ana ena m'mudzimo, ana amene mwina phala lija likanawafikitsa ku zokolola. Asisitere Aakulu anapulumutsa nyumba yathu, koma mphika wawo unabwerera wodzaza. Kaya anaziganizira zimenezo poimirira paja, kaya anangoona manja a mayi mmodzi obisidwa m'chitenje, sindidziwa. Ndimathokoza, ndipo kuthokozako kumandilemera.

Chimanga chimene anagawa chinabereka m'minda ya anthu omwe ankawatukwanawo. Munda wa asisitere unangomera udzu. Chimangacho chisanaume n'komwe, kunabwera galimoto yochokera kwa akuluakulu a chipani chawo cha usisitere. Anawachotsa pautsogoleri n'kuwatumiza kunyumba ina yakutali, kumene tinamva kuti ankasamala nkhuku mpaka imfa yawo. Anzawo anayi sanakhalitse. Lero m'nyumba ija anthu amasungiramo mpunga, ndipo limu ija wina anaitenga. Amayi anapita kumanda osauzako munthu wina aliyense, azakhali nawonso anapita osadziwa. N'chifukwa chake ndalimba mtima kulemba, kuti dzina la mzimayi uja liyere ngakhale mochedwa, ngakhale oti alimve ambiri kulibenso.

Tsiku limene Asisitere Aakulu ankanyamuka ndinathawa kusukulu. Ndinawapeza pansi pa mango paja ndi kachikwama kamodzi, akudikira kuti dalaivala amalize kumanga katundu. Manja awo anali atayera tsopano. Ndinagwada monga tinaphunzitsidwira, koma mawu anatuluka aukali.

"Munatiphunzitsa kuti tizinena zoona. Bwanji simunanene kuti munandichenjeza?"

Anandipukuta mamina ndi chala chawo, ngati ndine kamwana.

"Kodi lero ukakaweruka, ukafikira kwa yani?"

"Kwa amayi."

"Ndiye thamanga, akudikira."

Ndinachoka nditakwiya, osatsanzika n'komwe. Njira yonse ndinkaponya miyala m'tchire, ndikuganiza kuti andizemba funso monga amachitira akuluakulu onse. Nditafika ndinapeza amayi ali pakhonde, akusenda maungu, ndipo anandifunsa chifukwa chake ndaweruka msanga.