Dzanja la Che Alidi

Pa siteji ya ku Limbe mukafunsa za Che Alidi, oitanira amayamba aseka kaye. "Mukunena a Dutsani?" Dzinali anawapatsa chifukwa cha dzanja lawo lamanja, lomwe silinkakhazikika m'kati mwa minibasi. Madalaivala anzawo akaona munthu akufuna kuwoloka amaponda moto, koma Che Alidi ankaima, n'kutulutsa dzanja pawindo, n'kumukodola kuti adutse. Kondakitala ankang'ung'udza kuti akutha nthawi ndi ulemu wosadyetsa munthu, iwo n'kumangoti, "Msewu si wa ife tokha, baba." Anakalambira pa chiwongolero bamboyu, Limbe–Blantyre, Blantyre–Limbe, ndipo Lachisanu masana basi ankaisiyira wina kuti akaswali ku mzikiti. Anali asanagundepo ngakhale nkhuku.

Tsiku lina kunali kamvula kowaza, magalimoto atathithikana pafupi ndi msika, osasuntha. Mayi wina wa ambulera anaima m'mbali mwa msewu, akusowa polowera. Che Alidi anamukodola monga mwa chizolowezi. Mayiyo anawerama pang'ono pothokoza, n'kudutsa kutsogolo kwa basi osayang'ananso kwina. Ayang'anirenji poti dalaivala wamulola? Atangotulukira mbali inayo, njinga yamoto ya kabaza imene inkazemberera pakati pa mizere iwiri ya magalimoto inamuomba. Phuu! Ambulera uko, nsapato uko, mwendo unathyoka.

Wa kabaza anagwa naye, koma anadzambatuka, n'kukwera njinga yake, liwiro. Inu mukudziwa zomwe gulu limamuchita wa kabaza wogunda munthu. Njingayo inalibe nambala, koma Che Alidi sanafunikire nambala. Anali Habib, mwana wa mlongo wawo Binti, mnyamata amene anamulera okha ku Chinyonga bambo ake atamwalira.

Che Alidi anatsitsa anthu onse m'basi, n'kuthamangira naye mayiyo ku chipatala chachikulu. Dzina lake anali Idah. Wapolisi atawafunsa ngati anamuona wa njinga uja, Che Alidi, munthu amene sankanama ngakhale za nthabwala, anayang'ana pansi n'kunena kuti nkhope sanaione. Za dzanja lija sanatchule n'komwe.

Kunyumba anapeza Habib akutsuka chilonda cha pa chigongono.

"Iwe, unathawiranji?"

"Mumafuna andiotche? Komanso amalume, ine ndikanamuona bwanji kuseri kwa basi yanu? Ndinu munamuitana."

Che Alidi anafuna kumuwaza khofi, koma mawuwo anawafooketsa, chifukwa pagalasi lam'mbali iwo sanayang'anedi. Binti anagwada pansi akulira. "Achimwene, mukamutchula mwanayu mwadzitchula nokha. Chibale ndi fupa, sichiola. Mukufuna akafere ku ndende?"

Zikanathera pomwepo, mwina akanazolowera. Koma mwamuna wa Idah, a Fabiano, kalaliki wa mu ofesi ina m'tauni, anabwera pa siteji kudzafunafuna dalaivala amene anapulumutsa mkazi wake. Anawagwira dzanja ndi manja awiri. Kuyambira tsikulo, akamapita ndi chakudya ku chipatala sankakwera basi ina. Ankadikira ya Che Alidi, n'kukhala mpando wakutsogolo, kontena ili pamiyendo, pakamwa posapuma.

"Inu ndinu munthu wa Mulungu, achimwene. Wa njinga uja ndikadzamupeza, adzadziwanso! Koma nawonso mayi a kunyumbawa, munthu wamkulu kumawolokera pakati pa magalimoto ngati mbuzi? Apolisi akuti wolakwa ndi iwo omwe, poti pamenepo si powolokera. Ndawauza ine, chitsiru sichichira."

Zinkawapweteka Che Alidi, zinkawapweteka kwambiri. Kuwakana a Fabiano kuti asakwere, anene kuti chifukwa chiyani? Kusintha msewu, mwini basi sakanalola. Kunena zoona kunali kumupereka Habib, ndipo kukhala chete kunali kumusenzetsa mlandu mayi wogona m'chikhakha. Ku mzikiti ankakhala kumbuyo kwenikweni. Habib naye, mwana wopanda manyazi, anangoipenta njinga ija mtundu wina n'kubwerera pa msewu, ndipo nthawi zina ankadutsa pambali pa basi yomweyo, a Fabiano ali m'katimo akufotokoza zomwe adzamuchite.

Idah atatuluka m'chipatala, tsiku lina anakwera basiyo ndi mwamuna wake, akupita kukaonetsa mwendo. Chifukwa cha chikhakha anamukhazika kutsogolo, a Fabiano n'kukhala kumbuyo kwake atagwira ndodo zoyendera. Pa Chichiri magalimoto anaima nji, kutsogolo lole, kumbuyo basi, m'mbali muno njinga zikungozemberera. Foni ya a Fabiano inalira, n'kuyamba kukalipirana ndi wina wa ku ofesi.

Idah analankhula motsitsa, maso ali kutsogolo.

"Bambo, mnyamata uja atagwa, mutu wake unali pafupi ndi wanga. Ndinamumva akukuwa kuti, 'Amalume Alidi!'"

Che Alidi ankaganiza kuti mahutala anameza mawu amenewo.

"Amuna anga sindinawauze," anapitiriza Idah. "Ndinati munthu amene anandinyamula m'manja mwake adzanena yekha. Amuna angawa akunditcha chitsiru pamaso pa ana anga, ine ndili chete, kudikira inu. Ndatopa, bambo."

A Fabiano anadula foni, n'kuweramira kutsogolo, n'kuwagwira Che Alidi paphewa uku akuseka. "Akukunong'onezani chiyani mayiwa, achimwene? Musawamvere, amakonda zodandaula."

Lole yakutsogolo sinasunthe. Che Alidi anaganiza za Binti, mtima n'kuwawa ngati wapsa, pakuti ankadziwa kuti mlongo wawoyo sadzawapatsanso moni. Anazimitsa injini, n'kutembenuka.

"A Fabiano, mayiwa sanalakwe. Ndinawaitana ndine kuti awoloke. Ndipo wa njinga mukumufunayo amadya kunyumba kwanga."