Tsiku limene mtembo unaphethira pa sikirini ku Kanyama

Ndikudziwa ena munaimvapo nkhaniyi m'minibasi itathiridwa kale mchere, koma ine ndinalipo, chingwe chake ndinayala ndine, choncho zimene ndikuuzeni pano ndi zoona ngakhale zimandichititsa manyazi.

Nthawi imeneyo ndinkakhoma makamera ndi masikirini m'matchalitchi a ku Kanyama. Mnansi wanga wina, dalaivala wa thiraki, anamwalira mwadzidzidzi, ndipo abale ake anafika kuchokera kumudzi akung'ung'udza kale kuti mkazi wake akudziwapo kanthu. Tchalitchi chinali chaching'ono, anthu ali namtindi, ndiye abusa anandipempha kuti ndiike kamera pafupi ndi bokosi, sikirini ikhale mu tenti panja, kuti okanika kulowa aone nkhope ali komweko. Koma mvula inali itadzaza pabwalo, tenti inakakhomedwa kutali kuseri kwa mpanda, ndipo chingwe chinayenera kuzungulira matope onsewo.

Apa mundimvetse. Zithunzi zikayenda m'chingwe chachitali zimafika zitatopa, ndiye pamafunika timabokosi tiwiri: kena kukamera, kamene tchipi yake, kaubongo kakang'ono ka m'katimo, imakankha zithunzizo, kena kusikirini, kamene tchipi yake, imene timati ekwalaiza, imawongola zimene zapindika m'njira. Wogulitsa m'tauni anandifunsa kutalika kwa chingwe changa, ine n'kumuyankha mwamatama kuti asandiphunzitse ntchito, angondipatsa kokankha kamphamvu kuposa tonse basi, kowongola sindikukafuna. Kunyumba ndinayesa pa kachingwe kakafupi, chithunzi n'kuwala bwinobwino. Ndikanakayika chiyani?

Bokosi la malemu litatsegulidwa ndinali mu tenti, pambali pa sikirini. Nkhope ya malemu inaoneka yodekha, kenaka pamphumi panayamba kuyenda timadontho toyera ngati nyerere, chithunzi n'kung'ambika pakati, mlomo n'kusunthira kumbali. Chinathima, n'kubwereranso, ndipo ndikulumbira, ndinaona maso aja akuphethira. Mukuganiza kuti ndinakumbukira za ekwalaiza? Chimene ndinakumbukira n'chakuti munthuyo ndinali nditakangana naye za ngalande atatsala pang'ono kufa. Ndinalumpha benchi, ine mwini makinawo, n'kuliyatsa liwiro, ndipo anthu ataona kuti katswiri wathawa, tenti yonse inabalalika, ena akukuwa, ena akupemphera m'malilime, nsapato zikutsala m'matope.

Nzeru zinandibwerera ndili kuseri kwa kantemba kena kogulitsiramo zinthu, ndikupuma wefuwefu. Pobwerera ndinapeza mayi wamasiye atazunguliridwa, azakhali a malemu akunena kuti mwana wawo wadziululira yekha kuti sanafe bwino, ndipo mayiyo ndi ana ake asagonenso m'nyumba ija. Ndinalongosola zonse, za chingwe, za tchipi imene ndinakana, mpaka ndinati tisendeze sikirini pafupi ndi kamera aone okha kuti zisiya. Azakhaliwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anayang'ana buluku langa lamatope.

"Nanga ngati ni ntambo chabe, imwe bene bake munathabila chani?"

Palibenso amene anafuna kuona sikirini ija. Maliro anaikidwa tsiku lomwelo, ndipo mayiyo ananyamula ana kupita kwa mkulu wake ku Chawama, katundu yense n'kutsala.

Lero sindikhulupirira kuti malemu anaphethira. Chinaphethira ndi chingwe changa, ndipo umboni umene unamuchotsa mayi uja m'nyumba inali miyendo yangayi. Anzanga a ntchitoyi, musanagule tchipi dziwani kutalika kwa chingwe chanu, musankhe kokankha ndi kowongola togwirizana, ndipo muyese pa chingwe chenichenicho, osati kachidutswa ka patebulo. Zikakuvutani pagulu, imani pomwepo, chifukwa anthu amakhala akuyang'ana inu. Mayi uja ndimakumana naye nthawi zina akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Amandipatsa moni ngati kale, ine n'kumayankha ndikuyang'ana pansi.