Njinga ya a Sajeni

Ndinanyamuka mu Lilongwe Loweruka m'mamawa ndi cholinga chimodzi basi: kukatenga njinga ya malemu bambo anga. Pogawa katundu wawo achimwene anatenga wailesi ndi mbuzi, ine n'kupatsidwa njingayo, koma inatsalira kumudzi. Ndinkaifuna pafupi, ndiziiona ndikawasowa.

Minibasi ya ku Nsaru inatipanikiza anayianayi pampando, nkhuku ya mayi wina ikundijompha chidendene. Kondakitala anati faifi sauzande. Nditadandaula anati, "Mayi, mafuta sinditunga pachitsime ine."

Pa Nsaru ndinagula chinangwa chophika n'kukwera njinga yamoto yolowera cha ku Kabudula. Fumbi lake, mayo ine! Nditatchula mudzi wathu, wakabazayo anacheuka mpaka tinatsala pang'ono kugwera m'ngalande.

"Kwa a Sajeni aja? Amene anamenya nkhondo ku Mozambiki?"

"Yang'anani kutsogolo, achimwene! Eya, ndine mwana wawo."

"Pepani kwambiri. Mayi anga atayamba matenda oti andibereke ine, anawathamangitsira kuchipatala ndi iwo aja."

Zoona, bambo atapuma usilikali anamangirira kangolo kumbuyo kwa njinga n'kumanyamulirapo odwala ulere. Za nkhondo sankakamba. Ankangoti kumeneko anzawo ambiri anawanyamula mochedwa.

Ndinafika masana. Pakhonde pomwe njinga inkakhala panalibe kanthu, ndipo ndinapsa mtima. Azakhali, amene akusunga nyumbayo, anali asanamalize n'komwe kundiyalira mphasa.

"Azakhali, njinga yanga ili kuti kodi?"

"Yapita kuchipatala ndi mwana wa a Phiri, malungo. Takhala pansi, iwe."

"Wawabwereka ndani?"

"Sabwereka, mwanawe. Amangotenga n'kubweza. Chimwalirireni bambo ako, sinakhalepo sabata osatuluka."

Inabwera dzuwa litapendeka, a Phiri akupalasa, thukuta lili kamukamu. Anavula chipewa n'kunjuta patsogolo panga.

"Mwana amugoneka, koma akuti tafika nthawi yabwino. Tamva kuti mwabwera kudzaitenga, eti? Tiloleni tiitsuke kaye, isapite m'tauni ili chonchi."

Ndinayang'ana chishalo chong'ambika, chomangidwa ndi mphira, ndipo ndinalira pamaso pa anthu, manyazi onse atathawa.

"Musaitsuke, bambo. Kaiikeni pamalo pake."

M'mawa mwake ndinabwerera chimanjamanja, koma mtima uli m'malo. Ndinapita kukatenga chokumbukira bambo anga, ndinakawapeza akadali pantchito.