Msomali Wachitatu pa Chitseko Chobiriwira

Lachiwiri lapitali ndinapita kwa kalipentala wina pa Namitete nditanyamula chithunzi cha malemu mkazi wanga. Chakhala mu envulopu kwa chaka ndi miyezi iwiri. Ndinkafuna felemu wamba, timatabwa tinayi ndi galasi, kuti chithunzicho chichoke m'sutikesi chipite pakhoma.

Kalipentalayo ndi a Jelemiya, bambo wachikulire amene mabenchi ambiri a m'matchalitchi akuno anatuluka m'manja mwawo. Ndinawapeza ali ndi mlendo. Mu shedi munali mafelemu khumi ndi awiri atatsamira khoma, ndipo panja panaima galimoto yoyera. Mwini galimotoyo, mayi wa msinkhu wanga wovala magalasi akuda, ankawajambula ndi foni imodziimodzi.

"Khalani kaye pabenchipo, aphunzitsi," anatero a Jelemiya. "Ndithane ndi abwanawa. Akutsegula malo odyera mumzinda, ndiye akufuna zopachika m'makoma."

Mafelemuwo sanali okongola monga mmene ine ndi inu timadziwira kukongola. Matabwa ake anali akale, penti atakanganuka, zipsera ponseponse. A Jelemiya anandiuza kuti yoyamba anaipala ndi sandipepa n'kuipaka vanishi, mayiyo n'kuibweza.

"Akuti ndaipha," anatero. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikuphunzira kubisa mabowo a misomali. Lero akundiuza kuti ndiwasiye aoneke."

"Zakalezo ndiye zili ndi moyo, madala," anayankha mayiyo osatembenuka. "Zonyezimira zadzaza kale m'mashopu."

Ndinaseka nawo pang'ono. Kenako maso anga anagwera pa felemu ina yobiriwira, chakumapeto kwa mzere.

Pathabwa lake lapamwamba panali mabowo atatu a misomali. Awiri anali ozungulira bwinobwino. Lachitatu linali long'ambikira m'mbali, ngati mbedza.

Bowo limenelo ndimalidziwa.

Nditakwatira ndinamanga nyumba kwawo kwa mkazi wanga, kuseri kwa Nsaru, monga amachitira mkamwini aliyense. Kupita ku koleji sikusintha zimenezo. Chitseko chinali cha mlombwa, ndipo penti wobiriwirayo ndinapaka ndekha. Tsiku lina pochokera kusukulu kumene ndinkaphunzitsa ndinapeza mkazi wanga akukhoma misomali kuseri kwa chitsekocho ndi mwala, chifukwa hamala anabwereka alamu anga. Msomali woyamba unali wa jekete langa. Wachiwiri unali wa chikwama chake. Wachitatu unapindika, iye n'kuuzula mokakamiza, thabwa n'kung'ambika.

Ndinakalipa. Ndinati mlombwa sakhoma ndi mwala. Iye anangoseka, n'kunena kuti mwini wa msomali wachitatuwo sanabadwe, adzadandaula yekha akafika.

Sanafike. Anapita limodzi ndi mayi ake, tsiku limodzi, kuchipatala. Pamenepa sindiwonjezerapo.

Akuchikazi atandisudzula, ndinatuluka m'mudzimo ndi sutikesi ndi mabuku. Ndi mwambo wathu, ndipo anandichitira mwaulemu. Nyumba inatsala, pakuti ili pa dothi la eni mbumba. Za chitseko sindinafunse. Ndani amafunsa chitseko pa tsiku lotere?

Ndinafunsa a Jelemiya kumene anapeza matabwawo. Anati pali amuna awiri amene amayenda ndi ngolo m'midzi ya ku Nsaru ndi ku Kabudula, kugula zitseko ndi mawindo a nyumba zimene simukhalanso anthu.

"Chobiriwirachi chinachokera chakumeneko," anatero. "Mlombwa weniweni. Mwini wake ankawadziwa matabwa."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana felemuyo, n'kuyang'ana envulopu inali m'manja mwanga. Anachotsa pensulo kukhutu n'kuiika pansi.

Ndinapempha mayiyo kuti andigulitse felemu imodziyo, a Jelemiya amupangire ina.

"Imeneyo ayi, achimwene," anatero. "Imeneyo ndiye ya pakhomo polowera. Taonani bowo ilo. Zoterezi munthu sungachite kupanga."

"N'zoona," ndinatero. "Sungachite kupanga."

Apa m'pamene ndinalakwitsa: ndinamuuza. Mawu ochepa chabe. Chitseko, mwala, misomali itatu.

Ndisamunamizire mayiyo. Anavula magalasi n'kunena kuti pepani, ndipo ndikukhulupirira kuti anapepesa kuchokera mumtima. Kenako ndinaona nkhope yake ikusintha, monga imasinthira nkhope ya mwana wasukulu akapeza yankho.

"Achimwene, tengani felemuyo, ulere," anatero. "Ndingopempha chinthu chimodzi. Mafelemu ena atatu awa ndi a chitseko chomwecho. Nkhaniyi tiilembe pa kakhadi, mizere itatu yokha, dzina la mayiwo ndi la mudzi, tikaike pambali pake. Makasitomala amakonda kudziwa kumene chinthu chachokera. Kungakhalenso kuwakumbukira, eti?"

Ndinamufunsa kuti m'mafelemumo adzaikamo chiyani. Anandionetsa pafoni. Amayi akumudzi akumwetulira: wina atasenza ndowa, wina akupeta, wina atabereka mwana.

"Ndi ayani amenewa?"

"Kaya. Ndinazipeza pa intaneti."

Inu owerenga, mwalowamo m'malo odyera atsopano a mumzinda? Lichero pakhoma. Khasu lakutha pamwamba pa tebulo. Mtondo wong'aluka, muli maluwa apulasitiki. Koloboyi amene sadzayakanso. Munthu amene anachoka kumudzi akulumbira kuti fumbi sadzalipondanso akudya nkhuku yake pansi pa khasu la mnzake, n'kumanena kuti malowa akumukumbutsa kwawo.

Kodi munadzifunsapo kuti zinthu zimenezi zimafika bwanji pamenepo?

Khasu limene mwini wake akulimira saligulitsa. Chitseko cha nyumba imene mukugona anthu sachizula. Chinthu chakale chimakwera ngolo pokhapokha pakhomo pagwa kanthu: maliro, kutha kwa ukwati, njala, fodya wobwezedwa ku okushoni. Chimene mumzinda akuchitcha chenicheni, chokhala ndi moyo, nthawi zambiri chimakhala chotsala pamene moyo wachoka.

A Jelemiya sindikuwada. Oda ngati imeneyi siibwera kawiri pa chaka, ndipo mabenchi a tchalitchi sathyoka msanga. Alamu anga amene anazula chitsekocho sindikuwada. Nyumba yopanda munthu imangodyedwa ndi chiswe, ndipo nthawi ya feteleza siidikira kuti misozi iume. Ngakhale mayiyo anachita bwino kubwera ku Namitete m'malo moitanitsa mafelemu apulasitiki kunja. Anasankha mmisiri wakuno, matabwa akuno. Ndikanakhala kuti sindikulidziwa bowo lija, lero ndikanalemba zomuyamikira.

N'chimene chikundiwawa. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Chitseko chadutsa m'manja mwa alamu, a ngolo, kalipentala ndi wogula, onse anthu aulemu, ndipo ndilibe woti ndimukalipire. Palibe amene anaba. Palibenso amene anafunsa.

Ndipo tsopano thabwa lokha silikukwanira. Akufuna ndi nkhani yake yomwe. Chisoni cha munthu chikhale pa kakhadi, pakati pa mndandanda wa zakudya ndi botolo la sabola, kuti wodikira chambo chake awerenge, apukuse mutu, ajambule ndi foni, kenako aitanitse zakumwa. Amayi a m'zithunzi aja alibe mayina, ndiye dzina la mkazi wanga likanawakwanira onse. Wina akanaloza wosenza ndowayo n'kunena kuti ndi ameneyu.

Ndinakana.

"Zikomo, mayi. Pitani nayo felemuyo."

"Koma ine ndimati ndikuthandizeni, achimwene."

"Ndamva. Pitani nayo."

Mwina ndikanapempha kachiwiri akanandipatsa popanda khadi. Sanaoneke munthu wouma mtima. Koma sindinapemphe. Ndinadziwa kuti ndikaipachika m'nyumba mwanga, tsiku lililonse ndikayang'ana bowo lija ndizikumbukira kakhadi, osati mwala uja ndi kuseka kuja. Kapena kunali kunyada chabe. Amuna amasiye nafenso timanyada, ndipo kunyada kwathu n'kosathandiza ngati kwa wina aliyense.

A Jelemiya anakulunga mafelemuwo m'manyuzipepala n'kuwalongedza m'galimoto. Yobiriwira ya mabowo atatu anaikulunga kawiri. Galimoto itapita, anatenga envulopu, n'kutulutsa chithunzicho mochigwira m'mphepete, n'kuchiyeza ndi tepi.

"Ndili ndi paini watsopano, aphunzitsi. Sanakhalepo m'nyumba ya munthu."

"Ameneyo ali bwino."

"Ndipale ndi kupaka vanishi?"

"Palani. Pasaoneke kanthu."

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukuganiza. Wakana kakhadi ka mizere itatu, koma nkhani yomweyo waidzaza tsamba lonse la nyuzipepala. Mukunena zoona, ndipo kusiyana kwake sindingakufotokozereni mokhutiritsa. Mwina tsamba lino lomwe lidzakulungira felemu ya wina. Chimene ndikudziwa n'chakuti pano ndalemba ndekha, ndasiyira pamene ndafuna, ndipo dzina lake simunalione. Limenelo sililowa mu oda ya munthu.

Kwa inu amene mukukongoletsa maofesi, malo ogona alendo ndi malo odyera, sindikunena kuti siyani kugula kwa amisiri athu. Bwerani ndithu. A Jelemiya amatha kupanga felemu yoti m'makona mwake simungalowe ngakhale tsitsi, ndipo luso limenelo ndi lawo, angathe kuligulitsa. Koma bowo la msomali si luso lawo. Chipsera cha pa chitseko si luso la aliyense. Ndi cha munthu amene simunamufunse.

Felemu yanga ndinakaitenga Lachisanu. Ndi yosalala, yonyezimira, yoti mayi uja sangaiyang'ane kawiri. Nditafika m'kanyumba kamene ndikuchita lendi ndinapeza kuti hamala ndilibe. Ndinatuluka panja n'kutola mwala. Msomali unalowa bwinobwino, osapindika.

Tsiku lina mudzalowa m'malo odyera atsopano mumzinda. Pakhomo polowera mudzaona felemu yobiriwira, muli mayi womwetulira amene palibe akumudziwa. Yang'anani thabwa lapamwamba. Muwerenge mabowo.

Musanakhale pansi, mumufunse mwini malowo: pa msomali wachitatuwo pankayenera kupachikidwa chiyani?