Odi amene sindinamumve

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza papepala lomatidwa pakhoma kusukulu yathu ya unamwino: dzina langa, kutsogolo kwake Mchinji. Ine mwana wa ku Thyolo ndinkangodziwa kuti ndi kufupi ndi Zambia. Ndinapeza kachipinda ka lendi paboma, kuseri kwa golosale ya Amayi Hawa, ndipo mwezi wachiwiri anandiika pa naiti ku wodi ya ana.

Ntchito yausikuyo sinandivute. Umalandira lipoti, kuzungulira mabedi ndi thamometa, kuona ngati kanula, kapaipi kolowetsera mankhwala mumtsempha, ali m'malo, kuwerenga madontho a diripu diso lili pawotchi, n'kulemba m'faelo. Chinandizunza ndi masana. Ndikaweruka ndinkasamba, kutchinga zenera ndi chitenje, n'kudziponya pabedi. Tulo tikangoti tibwere, pakhomo odi. Uyu mwana watentha thupi, uyo akufuna ndimuyeze BP, winayo wadabwa chitseko chotseka dzuwa lili paliwombo, ndiye wabwera kudzazonda matenda. Kwathu anandilera kuti munthu akaodira umamuyankha. Ndinkadzuka, kuyala mkeka, n'kumaseka nawo maso ali psuu, kuopa kutchedwa namwino wonyada.

Usiku wachisanu tinali ndi kamtsikana ka ku Chiosya kodwala malungo aakulu. Jakisoni wake wachiwiri anali wa 2 koloko. Nditamaliza kuzungulira ndinakhala patebulo kuti ndilembe, n'kutsamira pamkono pang'ono chabe. Anandigwedeza ndi Sisita Phiri, mkulu wathu usiku umenewo, 3 koloko itadutsa kale. Pakhomo la ofesi panali mayi wa mwana uja atagwada. Thupi la mwanayo linali litatentha kwambiri, ndipo mayiyo anakhala pamenepo nthawi yaitali akuodira chapansipansi, kuchita ulemu kuti asandidzidzimutse.

Ndinasungunula mankhwala mwachangu. Ndinabaya kudzera m'kanula, tinamupukuta ndi madzi ofunda, ndipo sindinachokenso pabedi lake. M'bandakucha kutentha kunatsika, kamtsikanako n'kupempha madzi. Ndinathokoza Mulungu, koma manyazi anandigwira moti mayi uja sindinathe kumuyang'ana kumaso.

Sisita sanakalipe. Anandifunsa kuti dzulo ndinagona maola angati, ine n'kuwafotokozera za alendo anga. Anapukusa mutu.

"Ndiye odi wa anthu oyenda ndi miyendo yawo mumamumva, koma wa mwana amene ali pabedi ayi? Kagoneni, mwanawe. Tulo tanu ndi mankhwala a ana awa."

Nditafika kunyumba ndinawauza Amayi Hawa misozi ili chuchuchu. Iwo anandiseka kaye kuti munthu wophunzira wagonja ndi odi, kenako anasiya m'bale wawo m'golosale, n'kudzakhala pakhonde langa ndi lichero la mtedza. Ndili m'bulangeti ndinamva wina akuodira, iwo n'kumuyankha modekha:

"Pepani, m'nyumbamu ndi usiku. Mubwerenso kukacha, cha m'ma 4 madzulo."

Ndinaseka ndekha, ndipo sindikumbukanso china. Anandidzutsa ndi mawu oitanira mapemphero a madzulo kumzikiti, ndipo kuyambira tsiku limenelo amenewo ndiwo anakhala tambala wanga. Aneba sanakwiye. Anazolowera, mpaka ena ankandipatsa moni wa "mwadzuka bwanji" dzuwa litapendeka.

Zina ndinaphunzira pang'onopang'ono: kumwa phala ndisanagone kuti njala isandidzutse, kuzimitsa foni, kusiya tiyi kukamayandikira kucha, ndiponso kulemba faelo choimirira maso akayamba kulemera. Lero naiti ndimaikonda kuposa masana. Wodi imakhala zii, ndipo mpweya wa mwana aliyense umaumva.

Akabwera namwino watsopano pa naiti, za diripu ndi kanula sindiyambira, amazidziwa kale. Ndimayamba ndamufunsa kuti masana, iye akagona, amamuyankhira odi ndani.