Belu Lisanalire

Entin Rohaeti anabwerera kwawo ku Tasikmalaya, m'dziko la Indonesia, ndi madengu onse amene anapita nawo ku Jakarta. Ngakhale limodzi silinagulidwe. Pa chionetsero cha malonda anangoima kuseri kwa tebulo, kumwetulira mpaka masaya kuwawa, kudikira kuti wina amuyambe. Kwawo mayi wodzilemekeza sathamangira mlendo n'kumukoka malaya.

Mwamuna wake anali atamwalira, n'kumusiyira shedi ya nsungwi ndi amayi oluka amene ankachoka mmodzimmodzi. Entin atafika pakhomo anapeza mwana wake Lilis, wa kusekondale, akulongedza zovala m'chikwama.

"Amayi, ndalankhula ndi bambo aja otumiza atsikana ku Malaysia. Ntchito ya m'nyumba ilipo. Sukulu idikire."

"Sukulu siidikira munthu. Tulutsa zovalazo."

"Ndiye tizidya madengu?"

Entin anangopempha kuti mwanayo apirire mpaka msonkhano wina wa amalonda udutse. Lilis anavomera, koma chikwama sanachimasule.

Amene anamutsegula maso ndi Kokom, mnansi wake wogulitsa nsalu zopeta, mayi wa pakamwa posasefa.

"Iwe umapita kumsonkhano ngati nkhuku ya pamsika, kudikira wokukweza mapiko," anatero Kokom. "Masiku ano amakonzeratu. Umalembetsa pafoni, kunena chimene umapanga. Okonza msonkhano amakupezera wogula amene akufuna chomwecho, n'kukupatsani tebulo ndi nthawi. Ali ngati ankhoswe. Koma nthawi yake ndi yochepa, belu likalira wina akhalepo."

Entin analembetsa. Okonza msonkhano anamupatsa anthu awiri, bambo wa sitolo ku Singapore ndi mayi wa mahotela ku Penang, pamodzi ndi zimene aliyense analemba kuti akusowa. Anaziwerenga mobwereza m'basi ulendo wonse wopita kumsonkhanoko.

Woyamba, Bambo Seah, atakhala pansi, Entin anachita monga analeredwera. Anathira tiyi. Anatsegula phukusi la zokazinga zachinangwa. Anafunsa za ulendo, za ana, za makolo. Bamboyo ananyamula dengu n'kunena kuti ndi lokongola.

"Ayi bambo, n'zakumudzi izi," anayankha Entin atawerama. "Ntchito ya manja osaphunzira."

Kwawo wotamidwa amayankha choncho, ndipo wotamayo amawonjezera kutama. Koma Bambo Seah sanali wakwawo. Analibweza dengulo patebulo. Belu linalira, iwo anathokoza tiyi, n'kupita.

Kokom, amenenso anali pamsonkhanopo, anamupeza pakhonde akupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Ukulira chiyani? Wawauza wekha kuti katundu wako ndi wachabe, iwo akukhulupirira."

"Ndiye ndizidzitama ngati wamisala?"

"Ndani wati udzitame? Nena zoona basi. Apo ayi, ulemu wakowo ukaupereke kwa Lilis pabwalo la ndege."

Mawu amenewo anamubaya. Koma anthu inu, mnzako weniweni ndi amene amakuthira mankhwala owawa pachilonda.

Panatsala munthu mmodzi. Mayi Faridah Yusoff analemba kuti madengu a m'mahotela awo, pafupi ndi nyanja, amachita nkhungu ndi kufumbwa chaka chisanathe. Entin anayang'ana madengu ake atsopano onyezimira, n'kuwakankhira pambali. Anatulutsa kadengu kakale kakuda kamene ananyamuliramo mpunga wake wa paulendo, anakakutumula, n'kukaika pakati pa tebulo.

Mayiyo atafika, Entin anapereka moni wachidule. Tiyi sanamukhudze.

"Mayi, mwalemba kuti madengu anu amafumbwa. Aka analuka mayi anga ine ndisanakwatiwe, ndipo mpaka lero ndimadyera momwemu. Nsungwi zathu timaziviika kaye m'matope a dziwe, kenako timaziika pautsi. Ntchito yathu ndi yabwino. Kapindeni muone."

Manyazi anamugwira ngati wavula pamsika, koma maso sanagwetse.

Mayi Faridah anakapinda kadenguko, anakanunkhiza, anakakanda ndi chikhadabo.

"Mungaluke okwanira zipinda zathu zonse?"

"Ndekha ayi. Koma amayi amene anandichoka, makomo awo ndikuwadziwa."

Belu linalira. Anthu a matebulo ena anadzuka, mipando ikukwekwereza. Mayi Faridah sanasunthe.

"Lisiyeni lilire," anatero. "Achemwali, tiyi uyu ndi wongoonetsa, kapena tingamwe?"

Entin anathira tiyi. Ndipo apo m'pamene anafunsana za ana.

Sikuti zonse zinangoyera tsiku lomwelo. Madengu oyamba ena anabwezedwa chifukwa cha zivindikiro zosakwana, ndipo Entin analukanso mpaka zala kung'aluka. Koma oluka anabwerera mushedi. Chikwama cha Lilis chinamasulidwa, ndipo lero chimanyamula mabuku.

Tsono inu amene mwaima kuseri kwa tebulo lanu, kudikira kuti dziko likuoneni, mudzaima mpaka miyendo kutupa. Funani amene akusowa chimene muli nacho, mudziwe vuto lake musanakumane naye, ndipo mukakhala naye pansi musanyoze thukuta lanu. Ulemu ndi wabwino, koma sudyetsa mwana ngati wakutsekani pakamwa. Ngati belu loyamba linakulirirani muli chimanjamanja, pukutani maso mubwerere patebulo. Musataye mtima. Lankhulani belu lisanalire.